Ndapeza nambala puleti yakale pakhola la nkhuku kwa agogo, TJ ndi ya kuti?

Mwana wa ku Linga:
Akuluakulu ndithandizeni. Sabata yatha tinali kumudzi kufupi ndi boma la Nkhotakota kukonza nyumba ya malemu agogo aamuna, ndiye pogwetsa khola la nkhuku ndapeza kuti chitseko chake anachita kukhoma ndi manambala puleti awiri, ina yalembedwa KK iyo ndiye ndikuidziwa ndi yakwathu konkuno, koma inayo yayamba ndi TJ kenako manambala, yachita dzimbiri m'mbali koma ikuwerengeka bwinobwino. Amalume akuti agogo anapitako ku Joni nthawi ya Wenela koma galimoto sanagulepo, anangobwera ndi njinga ndi wailesi. Kodi TJ ndi ya kuti? Komanso anyamata ogula zitsulo akuvuta kuti ndiwagulitse pa kilo, ine mtima ukukana, alipo amene amasunga zinthu ngati zimenezi?

Dalaivala wa M5:
Achimwene musagulitse chonde. TJ ndi ya ku Johannesburg yakalekale, T akuimira Transvaal J ndiye Johannesburg, pano Johannesburg ili m'chigawo cha Gauteng, magalimoto ake amathera ndi GP monga mumaonera mathiraki obwera ndi katundu aja. Ndiye kuti amalume anuwo sakunama, mdalayo anaitola komweko nkuiika m'sutikesi. Bambo anga nawonso anali a ku migodi, anthu aja chilichonse cholimba sankachisiya, chitsulo chinali chuma kumudzi.

Aphunzitsi Opuma, Chipoka:
Mwanawe, ine ndikufuna uyang'anitsitse ya KK imene ukuipeputsayo. Unadzifunsapo kuti chifukwa chiyani Nkhotakota nambala yake siyamba ndi N? Atsamunda dzinali ankalemba Kota Kota, pa mapu, pa makalata a boma, paliponse. Dziko litalandira ufulu mu 1964 mayina ambiri anakonzedwa, Fort Johnston inakhala Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji, Cholo nkukhala Thyolo, koma KK imakukumbutsabe kalembedwe kakale kaja tsiku lililonse pamsewu, anthu osazindikira. Ndinkawafunsa ana a Sitandade 7 funso limeneli, ambiri ankati ndi chifukwa cha "kota" kawiri kali m'dzinamo, sankalakwa kwenikweni koma mbiri yake sankaidziwa.

China chimene chimasokoneza alendo, SA ndi ife a Salima osati South Africa, ndipo ZA kuno ndi Zomba pomwe kunja ZA ndi chizindikiro cha South Africa, kuchokera ku Zuid-Afrika. Mzungu wina ku Senga Bay anandifunsapo kuti bwanji magalimoto a ku South Africa achuluka chonchi kuno, ndinachita kumukhazika pansi.

Zosunga ukufunsazo zilipo, kunja ndi nkhani yaikulu. Manambalawa anayambira ku Paris mu 1893, ku Britain lamulo lake linabwera mu 1903 ndipo nambala A1 ya ku London anatenga Earl Russell. Ku New York mu 1901 mwini galimoto ankadzipangira yekha puleti nkulembapo zilembo zoyamba za dzina lake. Ku America kuli mpaka bungwe la anthu osonkhanitsa mapuleti, ALPCA, linayamba 1954. Ife kuno timaphimbira mbiya, kutsekera makola, basi nkutha ndi dzimbiri, zimandipweteka ndithu.

Nachisale wa pa Kamuzu Road:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma tisamunamize mnyamatayu kuti wapeza chuma. Zija timamva za ku Dubai kuti nambala P 7 inagulidwa ma dirham (ndalama za kumeneko) 55 miliyoni mu 2023, chimene amagula ndi ufulu woyenda ndi nambalayo pagalimoto osati chitsulocho ayi. Yanuyo mtengo wake ndi woti ndi ya agogo anu basi, kwa ine zimenezo nzokwanira. Chenjezo langa ndi kwa amene mwayamba kutengeka kuti muzisonkhanitsa, osamangogula puleti iliyonse kwa anyamata a mumsika, ina imakhala yagwa pa galimoto yoti ikuyendabe mwini wake akuifuna, ina yochita kumasula usiku, ikakapezeka kwanu mudzafotokoza chani kupolisi? Zakale zenizeni zimaoneka, za pa galimoto zoti zinafera pa galaja kalekale.

Dalaivala wa M5:
Zoona mayi. Komanso potsuka osapala ndi sandipepa mupha zilembo, madzi a sopo ndi kansanza kofewa basi kenako mupake ka oilo pang'ono, kunyanja kuno chinyezi chimadya chitsulo msanga. Ine ndili ndi zitatu pakhoma, ina ndi ya minibasi yanga yoyamba ya zilembo zofiira zija, inafera pa Benga injini itagogoda, puletiyo ndi imene ndinatsala nayo.

Mwana wa ku Linga:
Zikomo nonse, aphunzitsi za Kota Kota zija sindinkadziwa olo pang'ono chonsecho ndinabadwira pompano. Ogula zitsulo aja ndawabweza. Ndatsuka monga mwanenera adala, kuseri kwa ya TJ kwatuluka zilembo zokanda ndi msomali, zikuoneka ngati dzina la agogo ndi la mudzi wathu. Loweruka ndipita nayo kwa agogo aakazi ku Dwangwa akaione, maso awo akadali bwino ndipo mwina atiuza kuti ya KK ija inali ya galimoto ya ndani.