370Z ikuvina kumbuyo chisinthireni matayala, tiikepo ati?

Makaniko: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kwabwera Nissan 370Z ya marimu a 19, mwiniwake akuti chisinthireni matayala akumbuyo mwezi watha galimoto yasiya kumumvera, akangoti aponde mafuta potuluka pa kona kalaiti ka kuterera kaja kamayamba kuphethira pa dashibodi injini nkudula mphamvu yokha, ndiye kukagwa mvula kumbuyo kumavina mpaka munthuyo akuopa kuiyendetsa. Sanaikitse kwa ine matayalawo. Ndaikweza ndayang'ana, kutsogolo kuli Bridgestone Potenza RE050A 245/40 R19, mizere yatsala mwina 3 mm, kumbuyo kuli 275/30 R19 a dzina loti sindinalimvepo. Ndalumikiza makina owerengera kompyuta ya galimoto, palibe foti ata imodzi ya ABS, ija imaletsa mawilo kukakamira pomanga buleki. Iyeyo akufuna ndisinthe awiri akumbuyo okha ndipo wakakamira Toyo R888R akuti ndi amene amagwira msewu koposa. Mtima wanga sukuvomera koma ndikufuna ndimuuze zomveka osati kungomukaniza.

Wamatayala: Achimwene vuto mwalilemba kale nokha, ndi 30 ameneyo. Galimoto imeneyo pa 19 imabwera ndi 245/40 kutsogolo, 275/35 kumbuyo. Tiwerengere limodzi. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala mu mm, yachiwiri ija ndi kutalika kwa khoma la m'mbali ngati peresenti ya m'lifupimo, ndiye khoma la 275/35 ndi 96 mm pomwe la 275/30 ndi 82 ndi theka. Makoma awiri kuphatikiza rimu, la 35 limakwana 675 mm kutalika, la 30 ndi 648 basi, lakutsogolo lija ndi 679. Ndiye kuti tayala lakumbuyo lafupika ndi 27 mm, likuzungulira mwachangu ndi pafupifupi 4 peresenti kuposa mmene kompyuta imayembekezera. Ma sensa a ABS amangowerenga liwiro la wilo iliyonse, sadziwa kuti wina anaika saizi yolakwika, VDC, kompyuta yoletsa galimoto kuterera ija, ikuona ngati kumbuyo kwayamba kale kuterera galimoto ikuyenda bwinobwino, kungowonjezera mafuta pang'ono imalowerera. Nchifukwa chake simukupeza foti, palibe chafa, kompyuta ikugwira ntchito yake ndi manambala abodza.

Makaniko: Eya zikumveka. Ndimaganiza za sensa ine mpaka ndinatsuka zonse zinayi dzulo.

Wamagetsi: Ma sensa asiyeni bwana. Pa makina anuwo tsegulani live data ya liwiro la mawilo onse, wina ayendetse molunjika pa 60, muona akumbuyo akuwerenga 62 ndi kanthu. Mumuonetse mwiniwake ndi maso ake, makasitomala a magalimoto awa sakhulupirira mawu amakhulupirira sikirini.

Mkulu wa alaimenti: Zonsezo nzoona koma ine funso langa ndi lina, matayala oyamba aja anatha bwanji? Mumufunse. Ndikukayika kuti anadyeka mkati kunja kuli bwino. Magalimoto awa kumbuyo amakhala ndi camber yopendekera mkati, kutanthauza kuti mawilo kumwamba kwake amapendekera mkati, ndiye ngati anaitsitsa ndi masipuring'i afupi kapena toe inasuntha, ndiko kuti mawilo sakuloza kutsogolo mmene amayenera, tayala limakhulidwa mbali yamkati mpaka mawaya kuonekera mwiniwake akuyang'ana kunja nkumati akadali atsopano. Muike tayala labwino chotani, alaimenti isanakonzedwe mungolitaya. Pisani dzanja kuseri kwa akumbuyo alipowo, mwezi umodzi ndi wokwanira kumva ngati mizere yayamba kuthwa mbali imodzi ngati mano a sowo.

Makaniko: Madala mwalasa. Ndapisa dzanja, lakumanzere mkati mukukanda chala mukamasisita chobwerera. Yatsitsidwa ndithu, masipuring'i si ake.

Wamatayala: Tsopano za R888R. Tayala limenelo si loipa, koma linapangidwira bwalo la mpikisano, ndi semi-slick, la mizere yochepa. Treadwear yake, nambala yosonyeza kuchedwa kutha kwa tayala, ndi 100, pomwe Michelin Pilot Sport 4S ndi 300, nambala imeneyi sikuti ndi yoyezera bwino pakati pa makampani awiri koma kusiyana kotere kukukuuzani kanthu ndithu. Labala yake imafuna itenthe kaye kuti igwire, mizere yotulutsa madzi ndi yochepa, ndiye munthu amene akudandaula kale kuti mvula ikagwa galimoto imavina mukamuikira limenelo akakalowa m'madzi oima pa 100 tayala lidzayandama, sitiyaring'i nkusanduka chidole. Phokoso lakenso amwene, limalira ngati bering'i yatha, pakatha sabata adzabwera kudzati mwandiwonongera galimoto. Mumufunse funso limodzi, pa chaka amapita kangati ku bwalo la mpikisano? Akati sapita nkhani yatha.

Chinanso choopsa ndi kuika ogwira kwambiri kumbuyo kutsogolo kuli okalamba. Phula likakhala louma kumbuyo kudzakakamira, kutsogolo kudzakana kukhota galimoto nkumangopita cholunjika pa kona, pakanyowa zidzatembenuka kumbuyo ndi kumene kudzathawe. Galimoto imodzi makhalidwe awiri, dalaivala sangaizolowere.

Wophunzira ntchito: Pepani akuluakulu ndifunse nawo, akutsogolowo poti ali ndi 3 mm sangayendebe? Ndinaphunzira kuti malire ndi 1.6 mm pa timabampu tija ta m'mizere.

Wamatayala: 1.6 ndi pomwe tayala latheratu mphwanga, osati pomwe limasiya kugwira m'madzi, limayamba kufooka kale lisanafike pamenepo. Komanso usamangoyang'ana mizere, yang'ana zaka. Pa khoma pali DOT, manambala anayi omaliza, awiri oyamba ndi sabata awiri enawo ndi chaka. Achimwene tiwerengereni a kutsogoloko.

Makaniko: 3216 onse awiri. Ndipo m'munsi mwa mizere muli timing'alu ting'onoting'ono, chikhadabo sichikulowa n'komwe mu labala.

Wamatayala: Sabata 32 ya 2016, labala yauma imeneyo. Michelin amene amati tayala likadutsa zaka 5 liziyang'anidwa chaka chilichonse ndipo likakwana 10 lichoke ngakhale likuoneka bwino, nanga pa galimoto ya V6 ya 3.7 yokankha ndi kumbuyo mungadikire mpaka pamenepo? Onse anayi achoke, mtundu umodzi. Ine ndikanaika Pilot Sport 4S, pouma amagwira, ponyowa amagwira, ndipo akamafika pa malire amachenjeza kaye sangothawa mwadzidzidzi.

Mkulu wa alaimenti: Ine ndimakonda Continental SportContact 7, pa buleki ponyowa amandisangalatsa ndipo sitiyaring'i imayankha msanga. Koma sitikangana apa, Goodyear Eagle F1 Asymmetric 6 kapena Potenza Sport onse ndi gulu lomwelo, Potenza khoma lake ndi lolimbirapo ndiye pa galimoto yotsitsidwa kale mabampu adzawamva mu msana. Mutenge amene mungapeze masaizi onse awiri a mtundu umodzi komanso DOT yaposachedwa, osati kutsogolo Michelin kumbuyo Continental poti ndi amene analipo.

Wamatayala: Poitanitsa samalani chinthu chimodzi chomwe chinandipweteka ine. Masaizi awa 245/40 ndi 275/35 pa 19 ndi omwewonso a BMW 5 Series, ndiye ambiri amene ali m'masitolo ndi run-flat, a khoma lolimba oyendabe ngakhale mpweya utatha, ena ali ndi kanyenyezi ka BMW pa khoma. Tsiku lina ananditumizira awiri wamba awiri run-flat dzina lofanana, ndinazindikira lili kale pa makina khoma likukana kupindika. Muwerenge khoma musanamasule chilichonse, mukaona ZP, SSR, RFT kapena RSC ndi run-flat amenewo, mubweze. Load index, nambala ya kulemera komwe tayala limanyamula, isatsike pa 94 kutsogolo ndi 96 kumbuyo, chilembo cha liwiro W kapena Y, W ndi 270 pa ola Y ndi 300. Mukapeza 98Y ndi 100Y a XL, onyamula zolemera kuposa wamba, palibe vuto, kukwera kuli bwino kutsika ayi.

Wophunzira ntchito: Nanga poti bwanayo akufuna kugwira kwambiri, 285/35 kumbuyo singalowe? Ndinaona 370Z ya mtundu wa Nismo ili ndi imeneyo.

Wamatayala: Waona bwino, Nismo imabwera ndi 285/35 koma rimu yake ndi 10.5, iyi ndi 10. Ikhoza kulowa ndipo kutalika ndi 682 mm, VDC singadandaule. Koma galimoto yatsitsidwa, malo mu fenda achepa, tayala lotambalala komanso lalitaliko likhoza kukhula akadutsa pa bampu atanyamula munthu. Tikonze kaye vuto lilipoli, abwerere pa 275/35.

Mkulu wa alaimenti: Poika, mawu oti OUTSIDE ayang'ane kunja, onse tatchulawa ndi asymmetric, mizere ya mbali yakunja ndi yamkati ndi yosiyana. Samalani ma sensa a TPMS, oyeza mpweya wa m'tayala, pa valavu pomasula, ndipo marimu amenewo ndi a Rays musawakande ndi chitsulo. Manati 108 Nm ndi torque wrench osati mfuti ya mpweya. Mpweya mutsatire sitika ya pa chitseko cha dalaivala matayala ali ozizira. Kenako ibwere pa alaimenti, ndipo ngati camber yakumbuyo ikukana kubwerera ndi mabawuti ake adzafunika ma arm osinthika, timikono togwira wilo tokonzera camber. Mumuuzenso kuti poti masaizi ndi osiyana sangasinthanitse kutsogolo ndi kumbuyo, akumbuyo azitha msanga asadzadabwe, ndipo makilomita 300 oyamba ayende mofatsa tayala latsopano limakhala loterera pamwamba.

Makaniko: Ndabwera ndi lipoti akuluakulu. Ndinamukweza mwiniwake pa mpando wa pasenja makina ali m'manja mwake, pa 60 akumbuyo amawerenga 62 ndi theka, anangoti zii kenako nkuti chabwino chitani mmene mukudziwira. Ku bwalo la mpikisano sanapiteko chigulireni galimotoyo. Taika Pilot Sport 4S onse anayi, 245/40 ndi 275/35. Pa alaimenti toe yakumanzere kumbuyo inali itathawa kwambiri, yabwerera, camber yatsala pang'ono kunja kwa muyezo ndiye taitanitsa ma arm, abweranso sabata yamawa. Ndayenda nayo pa kona yomwe amadandaula ija katatu, kalaiti sikanaphethire. Madala a alaimenti, ma arm akafika ndikutumizirani manambala a camber mundiuze pomwe ndiimike.