Andipatsa ntchito yokonza mwambo wokumbukira ogwira ntchito mundege amene anafa pa 11 September, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse, a admin chonde dzina mubise. Ine ndili kuno ku America ndimagwira ntchito ya uhositesi mundege, chaka chachiwiri tsopano. Ndiye supavaiza wandiuza kuti chaka chino ndikonze ineyo kamwambo kokumbukira anzathu amene anafera mundege pa 11 September 2001, wangondiuza tili mu lifiti ngati akundituma madzi akumwa, pamene mnzanga amene wakhala akukonza zaka zonsezi wakwiya ndi moni yemwe sakuyankha akuti ndamulanda, chonsecho ndi yemweyo tinasinthana shifiti ya Khirisimasi mpaka lero sanabweze, ndipo miyendo ikunditupa adokotala akuti ndi kuimirira. Zinkachitikazo ine ndinali mwana. Ndichite chani kuti ndisachite manyazi, makandulo? maluwa? ndakatulo? Tulo sindikupeza.

Nambewe:
Achemwali mwambowo ukachitikira kuti, mwapatsidwa mphindi zingati, kubwera anthu angati? Apo ndiye simunanene.

Ankolo Gama:
Mwana wanga MAYINA. Siya za ndakatulo, werenga MAYINA. Anali anthu 33, mapailoti 8 ndi mahositesi 25 amuna ndi akazi omwe. Zigawenga zinalanda ndege zinayi: mu American 11 munali 11, United 175 munali 9, American 77 munali 6, United 93 munali 7, wonkhetsa wekha. Chaka chilichonse anthu amakamba za nsanja ziwiri za ku New York zimene ndege zinagunda ndi ozimitsa moto, nzabwino, koma oyamba kubayidwa tsiku limenelo anali a yunifomu ngati yakoyo, ndipo oyamba kuuza dziko zimene zikuchitika analinso iwowo. Betty Ong anaimba foni ali kumbuyo kwa American 11 nakhala pa laini kupitirira mphindi 20 akufotokoza modekha kuti anzake abayidwa ndipo kwa mapailoti sakuyankha. Amy Sweeney anatchula manambala a mipando ya zigawengazo. Iweyo ukudandaula za shifiti ya Khirisimasi!

Mayi a Tadala:
Ankolo musamukalipire mwana, wabwera kudzafunsa. Ine pa mwambo wokumbukira malemu amuna anga amene ankawerenga pulogalamu analakwitsa dzina kawiri, apongozi anga anadzuka nkutuluka, mpaka lero abale sitilankhulana bwino, ndiye zinthu izi zimapweteka inu.

Ankolo Gama:
Ndi zimene ndikunenazo mayi! Aphunzire katchulidwe. Ogonowski, Saracini, Burlingame, Dahl, amenewo ndi makaputeni anayi, asakapunthwe nawo pamaso pa anthu.

Chiko wa ma jokes:
Makandulo pa eyapoti?? Sisi mukufuna alamu ya moto ilire mwambo uthere panja kkkk

Nambewe:
Chiko akuseka koma akunena zoona, ngati ndi mkati mwa eyapoti moto sangalole, pali timakandulo ta mabatire. Nchifukwa ndikufunsa kuti ndi kuti.

Bambo Mbewe:
Ine chimene chimandinyasa ndi kutivulitsa nsapato ndi malamba kuja, chaka china ananditayitsa pafyumu watsopano ndili pa ulendo wa ukwati wa mwana wanga, zonsezi chifukwa cha tsiku limeneli. Ndipo ena amati nkhaniyi ili ndi zambiri zobisika.

Ankolo Gama:
A Mbewe musasokoneze. Za nsapato zinayamba ndi Richard Reid, December 2001, ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami, ndipo anayamba kulimbana naye asanayatse bomba lake la mu nsapato ndi MAHOSITESI omwewo. Zoletsa zamadzimadzi ngati pafyumu wanuyo ndi za 2006. Zobisika zanuzo mukakambe kwina, pano tikukamba anthu amene anadzuka mmawa kusita yunifomu osabwereranso kunyumba.

Bambo Mbewe:
Inu ankolo gulu lino munagula? Aliyense akalemba mumayankha ndinu.

Mtsikana wa ku Boston:
Sisi ine ndingati sankhani nthawi imodzi yokhala chete, 8:46 pamene ndege yoyamba inagunda nsanja, kapena 10:03 pamene United 93 inagwa ku Shanksville. Zinazo ndi 9:03 ndi 9:37 koma zonse zinayi anthu a pa shifiti sangadikire. Komanso mnzanu wokwiyayo mupempheni awerenge theka la mayina, mtima ukhala pansi ndipo mwina ali ndi pulogalamu yakale.

Mayi a Tadala:
Ayi ameneyo asamupatse maikolofoni, anthu oterowo amakuyalutsa dala, ine ndinaziona.

Ankolo Gama:
Ukafika pa United 93 unene za hositesi Sandy Bradshaw, anauza mwamuna wake pa foni kuti akuwiritsa madzi oti akathire zigawenga. Madzi a tiyi omwe iwe umawiritsa tsiku ndi tsiku mu kakhitchini ka mundege. Ndipo ukapeza mpata upite ku Grapevine, Texas pafupi ndi eyapoti ya Dallas, kuli chipilala cha ogwira ntchito mundege amenewa chinatsegulidwa mu 2008, ine ndinaima pamenepo chipewa chili mmanja ndinalephera kujambula ndi chithunzi chomwe.

Chiko wa ma jokes:
Ankolo akonze okha mwambowu basi, sisi akapume miyendo

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse ndawerenga. Za miyendo ndagula masokosi othina aja zikusinthako. Mnzanga uja lero wandidutsanso osalankhula ndiye kaya. Koma maluwa akhale oyera kapena ofiira?

Nambewe:
Oyera, ku New York pa malo okumbukira anthu amene anafa pa 11 September amaika duwa loyera pa dzina la munthu tsiku lake lobadwa. Koma achemwali kachitatu tsopano, mwambowo ukachitikira KUTI?