Penti wakunja wamatuka chaka chisanathe, chinkhoswe chayandikira, ndithandizeni

Membala wobisa dzina:
Abale anga pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa azilamu anga ali momuno. Mutu wanga waima. Tili ndi nyumba ku Machinjiri ya zipinda zogona zitatu. Bambo akunyumba ali ku Joni, chino ndi chaka chachinayi, ndipo mu February anatumiza ndalama zoti tipake penti kunja. Ndalamazo anatumiza kwa mng'ono wawo osati kwa ine, ngati kuti wogona m'nyumbamo si ine. Mlamu wangayo ndiye anapeza wopaka, mnzake wa kumpira, ndiyenso anakagula penti, lisiti mpaka lero sindinaione. Mlamu yemweyu anabwereka wilibala yathu chaka chatha n'kuibweza yopanda tayala, ine osayankhula. Apongozi akabwera amangoti "mwana wanga akuvutika kunja, inu mukungodya", chikhalirecho fizi ya ana atatu wothamanga nayo ndine ndi kageni kanga ka zitenje ku Limbe.

Ndiye taonani October uno penti akumatuka zikambazikamba, ukagwira khoma dzanja kuyera mbuu. Mwana wanga woyamba ali ndi chinkhoswe pa 14 December, akuchimuna akuchokera ku Area 47 ku Lilongwe, ndipo ndikaganiza zoti adzafikire pakhomo looneka chonchi tulo sitikubwera. Bambo pa foni akuti ine ndi amene ndinalephera kuyang'anira ntchito. Ndili ndi kangachepe ku banki m'khonde. Ndigule penti wanji, zigubu zingati, ndipo ndingopaka pamwamba pomwepo? Komanso pakati pa kirimu ndi gireyi wabwino ndi uti, poti aneba anapaka gireyi ndipo angamati ndawaonera.

Angozo:
Mayi musavutike n'kuganiza. PENTI WANU ANAMUTHIRA MADZI. Anyamata opakawa ndimawadziwa ngati ana anga. Chigubu cha malita 20 amachigawa pawiri, theka amadzazira madzi a pampopi, theka linalo likagulitsidwa madzulo omwewo. Ndamanga nyumba zitatu ine, sindikuyankhula zongomva.

Mmisiri wa ku Bangwe:
Mayi, musanagule chilichonse ndiuzeni kaye. Khomalo lisanapakidwe mu February linali ndi chiyani? Laimu, penti wamafuta wakale, kapena pulasitala watsopano? Komanso akumatuka khoma lonse kapena m'munsi mokha? Chilichonse mwa izi chili ndi kakonzedwe kake.

Nachisale:
Za penti ine sindizidziwa asisi, koma poloti imeneyo ili m'dzina la ndani? Mwamuna wotumiza ndalama za pakhomo kwa mbale wake akukuuzani zinazake. Musathire ndalama za banki m'khonde pakhoma loti mawa azilamu adzakuchotsanipo. Yambani mwaona mapepala a malowo.

Achimwene a ku Joni:
Nachisale, mwayamba kale kugwetsa banja la eni. Kuno timagona anthu 4 kachipinda kamodzi kuti kumudzi kuoneke chitukuko. Munthu ukatumiza kwa mng'ono wako n'chifukwa choti ntchito ya amisiri imafuna wokalipa. Mayi pakani charcoal, gireyi woderapo uja, kuno nyumba zonse zatsopano ndi mtundu umenewo.

Nachisale:
Wokalipayo ndiye wakalipa bwino, penti ali pansi.

Angozo:
Nonse mukusochera. Nkhani pano si banja, nkhani ndi MADZI. Nyumba yanga yachiwiri ndinagula zigubu 6, ndinangochoka kukatenga mwana kusukulu, pobwera ndinapeza zatsala 4. Kuyambira tsiku limenelo wopaka akamagwira ntchito ndimakhala pampando pomwepo, chigubu ndimatsegula ndekha, chikatha ndimachiboola pansi. Ngakhale madzi akumwa ndimawapatsa m'kapu, ndowa ayi.

Make Tadala:
Mwandikumbutsa zanga mayi. Ife tili ku Chilobwe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 nyumba yathu inapulumuka mwa chisomo, aneba ambiri sitinawaonenso, Mulungu awasunge. Koma makoma anamwa madzi. Titayamba kukonza tinapaka penti mu May, pofika August m'munsi monse munatupa matuza n'kutuluka zoyera ngati mchere. Tinapakanso, chimodzimodzi. Kawiri konse ndalama kulowa m'madzi, ndinalira ine. Anadzatithandiza ndi bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Anati vuto si penti, ndi madzi a padenga amene amagwera m'mbali mwa khoma n'kulowa m'njerwa. Tinaika magata, tinawaka kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba kopendekera kunja, tinapala zonse n'kulisiya khoma chilimwe chonse liume. Pano padutsa chaka lili bwinobwino. Komabe mvula ikamagunda usiku ine mtima umathamanga mpaka lero.

Kamnyamata ka ku Ndirande:
Aunt musadandaule, lembani tenti yaikulu muikhomere mbali yomatukayo. Akuchimuna akubwera kudzaona nkhuku, osati khoma.

Zomangira Zotchipa:
Penti wamitundu yonse alipo, timakubweretserani mpaka pakhomo. Inbox mayi.

Angozo:
Onani ena awa. Otere ndi amene amagula theka lobedwa lija. Ma admin chotsani munthu ameneyu.

Mmisiri wa ku Bangwe:
Angozo, akuba alipo, sindikukana. Koma penti wochuluka madzi amaoneka wopyapyala, khoma limaonekera mkati, amasuluka msanga. Kumatuka zikamba ndi kuyera m'manja kawirikawiri kumasonyeza kuti pansi pake pali chinthu chosagwira. Ndipo madzi pang'ono pa koti yoyamba si umbava, zigubu zambiri za PVA, penti wamadzi uja, zimalembedwa pambali mlingo wololedwa, nthawi zambiri osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Mayi funso langa lija ndikudikirabe.

Angozo:
Mwamva? Wavomera yekha kuti amathira madzi. Inu a ku Bangwe ndinu omwewo, mukutetezana.

Mmisiri wa ku Bangwe:
Ntchitoyi ndaigwira zaka zambiri akulu, sindinabepo chigubu cha munthu. Tiyeni tiwathandize mayiwa.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. A Nachisale, poloti tinagula limodzi koma pepala la kwa amfumu ali nalo ndi apongozi, akuti akutisungira. Angozo mwina mukunena zoona chifukwa mnyamatayo tsiku lina ananyamuka ndi chikwama cholemera. Anamaliza nyumba yonse masiku awiri okha, kwinaku mvula ikuwaza. Mlamu nditamufunsa anati akazi sadziwa za mamangidwe.

Nachisale:
Akukusungirani? Asisi dzukani.

Anabanda:
Poti palibe wayankha za zigubu, tengani tepi muyeze kuzungulira nyumba yonse, muchulukitse ndi kutalika kwa khoma. Tinene kuti nyumba ndi mamita 12 mulitali, 9 mulifupi. Kuzungulira ndi mamita 42, khoma likakhala la mamita 3 zikukwana masikweya mita 126. Chotsanipo mawindo ndi zitseko, mutsala ndi pafupifupi 105. Pa pulasitala wosalala lita imodzi imapaka masikweya mita 8 kapena kuposerapo pang'ono pa koti imodzi, ndiye koti iliyonse ikudya malita 13, makoti awiri 26 kapena 27. Chigubu chimodzi cha malita 20 ndi tiwiri ta malita 5 mwamaliza, primer (penti woyambira pansi uja) n'kuwerengera payekha. Ngati khoma ndi la rough cast, lokhakhala lija, onjezerani ndithu, limamwa penti ngati mchenga. Ndipo muonetsetse kuti pachigubu palembedwa kuti ndi wakunja. PVA wotchipa wa m'nyumba sapirira dzuwa ndi mvula.

Angozo:
Masamu abwino, koma muwerengerenso chigubu cha wakuba. Ine ndimagula chimodzi chimodzi, chikatha ndiye ndikatenge china.

Anabanda:
Kugula chimodzi chimodzi n'koopsa ngati penti ndi wosakaniza mtundu kusitolo, Angozo. Chachiwiri chimatha kusiyana pang'ono ndi choyamba, khoma n'kuoneka mawangamawanga. Bola kugula zonse pamodzi n'kuzitsekera kuchipinda.

Gogo Nangondo:
Ana inu mwapenga ndi penti. Ife kwathu ku Chiradzulu chaka chilichonse Khirisimasi ikamayandikira timasungunula laimu, kuthiramo mchere pang'ono kuti agwire, kupaka ndi burashi yaikulu, nyumba kuwala mpaka kumsewu. Ndalama yake yochepa. Mwanawe sunga ndalama za zakudya za alendo, anthu amakumbukira mpunga.

Mmisiri wa ku Bangwe:
Agogo anena chinthu chofunika mosadziwa. Laimu ndi wabwino pa yekha, koma penti sagwira pamwamba pa laimu, ndiye chifukwa ndikufunsa. Mayi poti simunandiyankhe, ndingokuuzani zonse musankhepo nokha.

Ngati pansi pali laimu, palibe chidule. Mupale yense ndi sikirepa ndi burashi yawaya mpaka pulasitala aoneke, mutsuke fumbi, khoma liume, mupake bonding liquid kapena plaster primer, kenako makoti awiri. Ntchito yopalayi ndi imene imadya masiku, kupaka kwenikweniko n'kosachedwa. Wopaka amene anamaliza nyumba yonse masiku awiri sanapale chilichonse.

Ngati anali pulasitala watsopano, amafunika milungu 4 kuti aume asanaone penti, nyengo ya mvula kuposa pamenepo. Pano ndiye wauma kale, mungochotsa zomatukazo n'kuyamba ndi primer. Ngati anali penti wamafuta wonyezimira uja, PVA amangotsetsereka pamwamba pake, ayenera kukwechedwa ndi sandipepa n'kupakidwa undercoat kaye.

Ngati akumatuka m'munsi mokha, kuchokera pansi kufika m'mawondo kapena m'chiuno, ndi chinyezi ngati mmene anenera Make Tadala. Matani kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse, mukaone mawa lake. Mukapeza thukuta mkati mwake, penti aliyense amene mugule adzamatukanso mpaka mutakonza njira ya madzi. Malo amene penti akuoneka ngati wagwira, matanipo selotepi n'kukoka mwamphamvu. Akachoka nayo, ameneyonso ngofunika kupala.

Ming'alu ing'onoing'ono itsekeni ndi fila wakunja, ikuluikulu aione kaye womanga. Pamene pamera ndere tsukanipo ndi jiki wosungunula m'madzi, mukapaka pamwamba pake imameranso.

Angozo:
Nkhani yaitali chonchi n'cholinga choti mayi atope akulembeni ntchito. Bonding liquid, primer, undercoat, zonsezi ndi njira zochulukitsira zigubu zoti zisowe.

Make Tadala:
Angozo inu mukatipweteketsa mutu. Munthu akufotokoza zomveka. Ine ndikanamva zimenezi 2023 sindikanataya ndalama kawiri.

Aphunzitsi opuma:
Chenjezo langa ndi limodzi. Penti wamafuta wakale, makamaka wachikasu ndi wofiira wa m'mafelemu ndi m'zitseko, wina amakhala ndi mtovu. Fumbi lake limaononga ubongo wa ana aang'ono ndipo mwana saonetsa kudwala msanga. Pokwecha nyowetsani kaye kuti fumbi lisauluke, ana ndi amayi oyembekezera atalikire, zopalidwazo musese bwino musazisiye pabwalo pomwe ana amaseweretsa dothi. Ndimalankhula zimenezi paliponse, anthu amandiona ngati wovuta.

Achimwene a ku Joni:
Ine ndikubwerezabe, charcoal ndi mafelemu oyera. Akuchimuna adzadziwa kuti pakhomo pano pali munthu ali kunja.

Anabanda:
Mtundu wakuda umakoka kutentha achimwene, ndipo umasuluka msanga mbali yowomba dzuwa. Kirimu amabisa fumbi lofiira bwino kuposa woyera. M'munsimu mpamene mungapake lamba wa mtundu woderapo chifukwa cha matope odontha mvula ikamagwa.

Nachisale:
Mukukambirana mitundu ya nyumba yoti pepala lili kwa apongozi.

Bambo a Mphatso:
Ine chondidetsa nkhawa ndi nthawi. Tili mu October, mvula ku Blantyre ikhoza kuyamba pakati pa November, nthawi zina imadzidzimutsa kumapeto kwa mwezi uno. Ngati mukupaka ndi pano, osadikira December. Koma dzuwa la mwezi uno nalonso ndi mdani, khoma likatentha penti amauma asanagwire. Ayambe m'mamawa, azitsatira mbali ya mthunzi, masana apume. Pakati pa koti yoyamba ndi yachiwiri padutse maola amene alembedwa pachigubu. Wamafuta wa m'mafelemu ndi mabaglabazi amafuna usiku wonse, ndipo pomwe pachita dzimbiri akweche n'kuyamba ndi red oxide, penti woteteza ku dzimbiri. Ndalama musapereke zonse poyamba. Gwirizanani kuti akamaliza kupala mulipira gawo, akapaka primer gawo lina, yotsalayo pomaliza inu mutazungulira nyumba n'kuona ndi maso anu. Mchimwene wanga anagwa pa makwerero omangirira ndi linya akupaka fisha bodi, anakhala miyezi iwiri ku Queens, ndiye za makwerero musazitenge mwachibwana.

Angozo:
Apa pokha ndiye mwanena. Koma gawo loyamba lisapitirire ya thiransipoti. Ndipo zigubu zigone kuchipinda kwanu mayi, kiyi m'chitenje.

Membala wobisa dzina:
Ambuye akudalitseni nonse, ndawerenga mpaka misozi. Ndaganiza za kirimu ndi lamba wa bulauni m'munsi. Mlamu ndamuimbira za lisiti wandidulira foni, ndiye madzulo ano ndiyankhula ndi ankhoswe athu. A Anabanda tepi ndibwereka mawa. Funso lina, kodi mpanda nawonso ndipake kapena ndingosiya njerwa? Poti geti nalonso aneba analigunda ndi galimoto ndipo sanapepese.

Mmisiri wa ku Bangwe:
Mayi, mpanda usiyeni kaye. Tulukani panja ndi mpeni, mupale pang'ono pomwe pamatukapo, mundiuze zomwe zili pansi pakepo. Zoyera za ufa, zonyezimira, kapena simenti?

Angozo:
Apeza madzi.

Nachisale:
Kwa ankhoswe kumeneko mukayambe ndi nkhani ya pepala, za lisiti pambuyo.