Thandizeni pa ma selo ophunzirira hepatitis B mu labu

Muli bwanji nonse, makamaka inu akuluakulu amene mumagwira ntchito mu labu. Ine ndine mwana wasukulu kuno ku Lusaka, chaka chomaliza, ndipo pulojekiti yanga ndasankha hepatitis B chifukwa achimwene anga anawapeza nayo, mmawa uliwonse amamwa tenofovir ndipo maso awo achikasu aja mpaka lero sachoka mmutu mwanga. Adokotala anati mankhwalawa amangokagonetsa kachilomboka, sachotseratu, poti cccDNA, majini a kachilomboka ozungulira ngati mphete, imatsalira mkati mwa selo la chiwindi.

Nde vuto langa ndi ili. Kachilomboka sikalowa mu mbewa wamba ayi, kamagwira munthu ndi chimpanzee, tupaia (kanyama kooneka ngati gologolo) nayenso pang'ono, ndipo ku America bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo la NIH linasiya kugwiritsa ntchito ma chimpanzee mu 2015. Ena amayesa pa abakha ndi woodchuck (kanyama ka ku America kokhala mu una) koma tizilombo tawo ndi tachibale chabe, si kachilombo ka hepatitis B (HBV) kenikeni, ineyo zimenezo sizikundifika pamtima. Chomwe chandipatsa mphamvu ndi choti mu 2012 gulu la Wenhui Li ku Beijing linapeza NTCP, khomo lomwe kachilomboka kamalowera, nde ma selo a HepG2 (ochokera ku khansa ya chiwindi cha munthu, omwe amawasunga mu labu) akawaika NTCP amatha kutenga matendawa mu mbale momwemo.

Alipo pano anagwirapo mitundu ya ma selo iyi: HepG2-NTCP, HepaRG kapena HepG2.2.15? Pofuna kutsatira cccDNA ndiyambe ndi iti, ndipo munawapeza bwanji kuno ku Zambia? Komanso magetsi akamazimazima chonchi ma selo mu inkyubeta mumawapulumutsa bwanji kuti 37°C isatsike? Chonde ndithandizeni, asupavaiza akufuna pulani yanga Lolemba.