Kodi "maloto a chumba" ndi maloto a m'chipinda?

kamtedza: Akuluakulu ndithandizeni. Anyamata ena pokamba za filimu ya Inception amati ndi "maloto a chumba", poti anthu amalotera m'zipinda zochita kuwamangira m'malotomo. Azakhali atamva anangoti chumba si chipinda. Akulondola ndani?

nkhwali_yakumunda: Azakhali anuwo. Agogo athu mawuwa ankanenera mbuzi kapena ng'ombe yaikazi imene yapita zaka osaswa, komanso mayi wosabereka. Mwamuna ndiye ankati gojo. Chumba amalota akuyamwitsa, kudzuka m'manja mulibe kanthu.

fundi_wa_mawaya: Koma achemwali, kwa anzathu a Chiswahili chumba ndi chipinda. Ndipo filimuyo ndi ya zipinda zokhazokha: wina amajambula mapulani a malo, wolota amawanyamula m'mutu, munthu woti aberedwe chinsinsi amadzazamo anthu a m'maganizo mwake.

nkhwali_yakumunda: Chiswahili chalowa bwanji apa, achimwene?

chule_wa_padambo: Ine ndikuona kuti mwambiwu ukukhudza filimuyi, koma khomo lake si la chipinda. Cobb, amene amasewera Leonardo DiCaprio, amalota ana ake osawaona nkhope. Mkazi wake Mal anafika pokhulupirira kuti ana enieniwo ndi a m'maloto. Chokoka anthu n'chimenecho. Christopher Nolan anaitulutsa mu 2010 ndipo mpaka pano anthu akukanganabe ngati nguli ya kumapeto ija inagwa, chifukwa m'maloto imangozungulira osaima.

fundi_wa_mawaya: Werengani masamu ake muone kuti nkhani ndi zipinda zosanjikizana. Popanda mankhwala amphamvu, mphindi 5 zimakhala ola limodzi m'maloto. Ndi mankhwala a Yusuf, wopanga mankhwala ogonetsa m'filimumo, nthawi imachuluka ka 20 pa gawo lililonse la maloto a mkati mwa maloto. Amagona m'ndege ya maola 10 kuchoka ku Sydney kupita ku Los Angeles: gawo loyamba pafupifupi sabata, lachiwiri miyezi 6, lachitatu zaka 10. Chimene chimavuta n'chakuti ukafa utamwa mankhwalawo sudzuka, umatsikira ku limbo, maloto akuya kwambiri ovuta kutulukamo. Chodzutsa ndi kugwa basi, poti mankhwalawo sagonetsa mkati mwa khutu momwe timamvera kuti tapendekeka. Galimoto imene anagonamo pa gawo loyamba itayamba kugwa pa mlatho, ku hotelo ya gawo lachiwiri anthu anayamba kuyandama, ndiye Arthur, mnzake wa Cobb, anachita kuphulitsa chikepe kuti pakhale kugwa.

nkhwali_yakumunda: Masamuwo ndavomera. Chumba ayi.

gogo_wa_pa_intaneti: Mwambiwu sankaunena pamaso pa mayi wosabereka, unkapweteka. Ankaunenera munthu wowerengera matumba a chimanga asanalime n'komwe. Ana a masiku ano amangoutola m'nyuzipepala, andale akamanyozana, osadziwa kuti muli misozi.

chule_wa_padambo: Komanso maloto a chumba munthu amadzuka n'kuzindikira. Mafilimu awa, ngakhale Paprika ya Satoshi Kon ya 2006, amasewera ndi munthu amene sakudziwa ngati wadzuka. Pamenepo mwambi ukuperewera.

fundi_wa_mawaya: N'chifukwa chake ndikuti chipinda! Wagona m'chipinda, ukulota chipinda, mkati mwake chipinda china.

gogo_wa_pa_intaneti: Bambo, mwatsala pang'ono kutiuza kuti nguli ndi Chizungu. Ana awa ukawafunsa mwadzuka bwanji amangoti "bho", ukawaonetsa nguli ndi chikwapu chake sadziwa pogwira.

kamtedza: Ndiye ndikawauze chiyani anyamata aja?

fundi_wa_mawaya: Auzeni aonerenso, awerenge zipinda.