Akundikaniza kuona ana anga, ndiyambire pati?

Moni nonse abale anga, ndithandizeni nzeru.

Ndinali pachikamwini ku Tsangano, ku Ntcheu. Banja litatha chaka chatha, ana awiri anatsala ndi mayi awo. Fizi, yunifolomu ndi chimanga ndimapereka ndithu, koma ndikapita kukawaona amalume awo amandibweza pakhomo, akuti ana ndi mbumba yawo. Wamng'onoyo amangondisuzumira pazenera, zimandiwawa kwambiri.

Ankhoswe takhala nawo pansi koma zakanika. Amfumu anagamula kuti ndiziwatenga pa holide, akuchikazi sakumvera.

Sindikufuna kuwalanda anawa, ndikungofuna masiku odziwika oti ndizicheza nawo. Kodi ndiyambire ku ofesi ya social welfare paboma, kapena ndingopita kukhothi la majisitireti? Poti ukwati wathu unali wa chinkhoswe, wopanda setifiketi, khothi lingandimvere? Amene munadutsamo, munatenga mapepala anji?