Kodi "nkhondo ndi anansi" amatanthauzanji kwenikweni?

Wofunsa, wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu: "Nkhondo ndi anansi." Ine ndinakula ndikudziwa kuti umanena zoti wokupweteka ndi wapafupi, amene amadziwa pogona pako ndi pamene pali nkhokwe yako. Koma amalume anga akukana. Akuti nkhondo sumenya wekha, umadalira anansi, n'chifukwa chake asilikali athu anapita ku Congo limodzi ndi anzawo a SADC. Zoona ndi ziti?

Wa ku Chulu:
Achimwene, amalume anuwo asakaniza miyambi iwiri. Wothandizana ndi uja wakuti "mnzako akapsa ndevu m'zimire." Uwu wa anansi ndi chenjezo. Agogo ankaunena pa milandu ya malire a munda, mwana wa mchemwali wako akakulowerera mizere iwiri usiku.

Wa ku Kapiri, Mchinji:
Pa tanthauzo ndili ndi a ku Chulu. Koma nkhani ya amalumewo tisaitaye, chifukwa yandikhudza. Tikati tikazimire mnansi ndevu, amavomereza ndani kuti ana athu apite, ndipo akakhale kumeneko mpaka liti? Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi tawuni ya Beni, kum'mawa kwa Congo, akugwira ntchito pansi pa United Nations. Mu Januwale 2025 atatu ena anafa zigawenga za M23 zikulowera ku mzinda wa Goma, ku Congo komweko, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analamula kuti gulu lathu likonzekere kubwerera. Ife kumudzi timamva pa wailesi zitachitika kale. Amene amalandira bokosi lokutidwa ndi mbendera ndi mayi wa kumudzi, ndipo iye sanafunsidwepo kanthu.

Dandaulo limeneli n'lakale. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akufera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Nthawi imeneyo anthu ankangogwidwa kukasenza katundu wa asilikali, aja atengatenga. Lero tili pa ufulu, tili ndi aphungu. Aziyankhula ndithu.

Wofunsa, wa ku Santhe:
Bambo a ku Kapiri, koma za usilikali si zachinsinsi? Mukazibweretsa ku Nyumba ya Malamulo mdani samva?

Wa ku Kapiri, Mchinji:
Tsiku lothira nkhondo ndi njira yodzera, zimenezo zibisike, palibe akukana. Ine ndikunena za chigamulo chotumiza anthu kunja. Ku South Africa malamulo aakulu a dziko amakakamiza pulezidenti kuuza aphungu mwamsanga chifukwa chake, malo, chiwerengero cha asilikali ndi nthawi imene akakhale. Ku Germany aphungu amachita kuvota asilikali asananyamuke. Kwathu kuno komiti ya aphungu yoona za chitetezo ilipo kale, poyambira tili napo. Ndikanakonda aphungu onse azivota poyera, chilolezo chizikhala cha chaka chimodzi, chikatha boma libwerenso kudzafotokoza zimene zaphulidwa ndi ndalama zimene zalowa. Ndipo chipukuta misozi cha mabanja chizilembedwa n'kudziwika ndege isananyamuke, kuti mkazi wamasiye asamachite kuyenda ulendo wa ku Lilongwe kukafunsa.